Mutu 12: Kuphunzitsa Mota Kumva "Pang'ono" ndi "Kwambiri"

Mzinda wa Blantyre unamangidwa pamtunda, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, koma madzi ambiri amene anthu ake amamwa amachokera kumunsi, mumtsinje wa Shire. Bungwe la Blantyre Water Board limatunga madziwo pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, n'kuwakankha m'mapaipi kudzera pa Chileka mpaka akwere mamita pafupifupi 800. Kukweza malita 1,000, amene ndi ndowa 50 za malita 20, kufika pamwamba chonchi kumadya mayuniti a magetsi oposa 2, ngakhale makina atakhala osataya mphamvu iliyonse. Makina otero kulibe, choncho chiwerengero chenicheni chimayandikira mayuniti 3. Mukachulukitsa ndi madzi amene mzinda wonse umamwa pa tsiku, mumvetsa chifukwa chake bilu ya magetsi ndi katundu wolemera pamutu pa bungweli.

Mapampu onsewo amazungulitsidwa ndi mamota amagetsi, ndipo mamota sali ku Walker's Ferry kokha. Chigayo cha ku Ndirande kapena ku Zingwangwa, malamba onyamula mabotolo m'mafakitale a ku Makata, makina ogaya tirigu ku Limbe, pampu yokweza madzi m'thanki ya pahotela mkatikati mwa tauni, zonsezi zimayenda chifukwa pali mota ikuzungulira. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti pafupifupi theka la magetsi onse a padziko lapansi limathera m'mamota. Kwathu kuno magetsi ambiri timadalira mtsinje umodzi womwewo wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense anadzionera yekha kuti yuniti iliyonse ndi yamtengo wapatali.

Mutu uno ukufotokoza mmene liwiro la mota limalamulidwira, makamaka njira yotchedwa fuzzy logic, imene imalola makina kutsatira malamulo onenedwa m'mawu amene mmisiri amayankhula tsiku ndi tsiku.

Mota yogwira ntchito osadandaula

Mota yofala kwambiri m'mafakitale ndi imene akatswiri amaitcha induction motor. Galileo Ferraris wa ku Italy ndi Nikola Tesla, amene ankagwira ntchito ku America, anaitulukira aliyense payekha, ndipo onse awiri analengeza ntchito yawo mu 1888. Chaka chotsatira Mikhail Dolivo-Dobrovolsky wa pakampani ya AEG ku Germany anapanga mota ya mafezi atatu yofanana ndi imene timaiona lero.

Mukapita kwa amisiri owayinda mamota n'kupeza ina itaphwasulidwa pabenchi, mudzaona mbali ziwiri. Mbali yakunja, yosayenda, ndi stator: chitsulo chokhala ndi timipata momwe alowetsamo makoyilo a waya wa kopa. Mbali yamkati, yozungulira, ndi rotor: mpukutu wa chitsulo wokhala ndi ndodo za aluminiyamu zolumikizidwa ndi mphete kumapeto konse kuwiri. Palibe waya wochokera kunja umene umafika pa rotor. Magetsi a mafezi atatu akalowa m'makoyilo, fezi iliyonse imafika pachimake pa nthawi yake, motsatizana, ndipo kutsatizana kumeneku kumapanga mphamvu ya maginito yozungulira mkati mwa stator. Mphamvuyo ikamadutsa ndodo za rotor imayambitsa magetsi m'ndodozo, magetsiwo amasandutsa rotor kukhala maginito, ndipo rotor imayamba kuthamangira mphamvu imene ikuizungulira.

Koma siyingaipeze. Rotor itati ithamange liwiro lofanana ndendende ndi la mphamvu ya maginito, ndodo zake sizingadutsidwenso ndi kanthu, magetsi a mkati mwake angathe, ndipo mphamvu yokoka ingathere pomwepo. Choncho rotor imatsalira pang'ono nthawi zonse, ndipo kutsalirako kumatchedwa slip. Magetsi a ESCOM amatembenuka maulendo 50 pa sekondi, zimene zimalembedwa kuti 50 Hz. Pa frequency imeneyi, mphamvu ya maginito mu mota ya mapolo awiri a maginito imazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, mu mota ya mapolo anayi 1,500, mu ya mapolo asanu ndi limodzi 1,000. Ndi chifukwa chake pakachitsulo kokhomedwa pamimba pa mota mumawerenga nambala ngati 1,450 kapena 2,900. Katundu akalemera, slip imakula, ndipo mota imakoka magetsi ambiri.

Popeza mulibe maburashi operepeseka, mota imeneyi ndi yotsika mtengo ndiponso yolimba. Ikamalandira girisi m'maberingi ndi mpweya wokwanira woiziziritsa, imatha zaka zambiri ili pantchito. Vuto lake n'limodzi: liwiro lake linamangiriridwa ku frequency ya magetsi.

Bokosi losintha liwiro

Kwa zaka zambiri, wofuna liwiro lina ankasintha kukula kwa mapule ndi lamba. Wofuna madzi ochepa m'paipi ankasiya pampu ikuthamanga liwiro lonse n'kutseka valavu pang'ono, ndiye kuti magetsi amene walipira ankathera polimbana ndi valavuyo. Kulizanso mota kuli ndi vuto lake. Mota yaikulu ikalumikizidwa mwachindunji, pa masekondi oyamba imakoka magetsi kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa a nthawi zonse. Oyandikana ndi chigayo amadziwa mmene mababu amaphethirira chikamalizidwa. Sitata ya star-delta, imene ili m'zigayo zambiri, imachepetsa kukoka koyambako kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, koma liwiro silisintha.

Yankho linabwera ndi bokosi lotchedwa variable frequency drive, mwachidule VFD. Bokosili limalandira magetsi a 50 Hz, limawawongola kuti aziyenda mbali imodzi ngati a batire, limawasunga m'makapasita, kenako invata yake imawadula ndi maswichi amagetsi otseka ndi kutsegula maulendo masauzande pa sekondi, mpaka atuluke magetsi a mafezi atatu a frequency iliyonse imene mukufuna. Mota ya mapolo anayi ikapatsidwa 40 Hz, mphamvu ya maginito imazungulira maulendo 1,200 pa mphindi m'malo mwa 1,500. Volteji nayo imatsitsidwa limodzi ndi frequency kuti chitsulo cha mota chisatenthe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Felix Blaschke wa pakampani ya Siemens anapititsa patsogolo njira yotchedwa vector control, imene imalekanitsa magetsi opanga maginito ndi magetsi opanga mphamvu yokoka, kotero kuti mota imamvera msanga ndiponso molondola.

Phindu lalikulu limaoneka pa mafani ndi mapampu. Pa makina amenewa, mphamvu yofunika imatsika mofulumira kuposa liwiro: liwiro likatsika kufika pa 80 peresenti, mphamvu imakhala 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8 kuchulukitsanso ndi 0.8, zimene ndi 0.512. Kuchepetsa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kumadula magetsi pafupifupi ndi theka. Koma mumzinda wa mapiri lamuloli limafuna kusamala. Limagwira mokwanira pamene pampu ikungoyendetsa madzi m'mapaipi. Pamene ntchito yaikulu ndi kukweza madzi pamwamba, monga kuchokera ku Shire kudza ku Blantyre, phiri silichepa chifukwa pampu yachepetsa liwiro. Mukatsitsa kwambiri, madzi amaima m'paipi osafika kumene akupita. Mpata wosinthira liwiro umakhala wochepa, ndipo n'chifukwa chake wosinthayo ayenera kukhala wanzeru.

Ndani auze bokosi chochita?

VFD imatha kutulutsa frequency iliyonse, koma payenera kukhala china choiuza kuti pakali pano itulutse iti. Sensa imayeza liwiro la mota, kapena mphamvu ya madzi m'paipi, ndipo kakompyuta ka mkati kamayerekeza chimene chayezedwa ndi chimene chikufunika. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kamagwiritsa ntchito posankha kuwonjezera kapena kuchepetsa.

Njira yofala m'mafakitale onse ndi yotchedwa PID. Maziko ake anawalemba Nicolas Minorsky mu 1922, ataonetsetsa mmene oyendetsa sitima zapamadzi amagwirira chiwongolero. Iye anaona kuti woyendetsa waluso amayang'ana zinthu zitatu: wapatuka motani pakali pano, wakhala akupatuka kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo kupatukako kukukula mofulumira bwanji. PID imapatsa chilichonse mwa zitatuzi nambala yake, n'kuziphatikiza. Mu 1942 John Ziegler ndi Nathaniel Nichols anafalitsa njira yosavuta yosankhira manambalawo, ndipo amisiri akuigwiritsabe ntchito.

PID ndi yodalirika, ndipo ma VFD ambiri amagulitsidwa ili kale mkati. Kufooka kwake n'kwakuti manambala atatu aja amasankhidwa kamodzi, mota ili pa katundu wakutiwakuti, pa kutentha kwakutikwakuti. Pamenepo induction motor siikhala chimodzimodzi tsiku lonse. Ndodo za rotor zikatentha, magetsi amadutsamo movutikirapo kuposa mmawa. Chitsulo chikadzaza ndi maginito, kuwonjezera magetsi sikuwonjezeranso mphamvu mofanana. Katundu naye amasintha. Manambala amene ankagwira bwino pa katundu wopepuka amachedwa kuyankha pa wolemera, ndipo amene asankhidwira katundu wolemera amapangitsa liwiro kudumpha mlingo n'kumakwera ndi kutsika lisanakhazikike.

Nzeru za pachigayo

Pali munthu amene amathana ndi vuto lomweli tsiku lililonse popanda masamu. Imani pambali pa wogaya pachigayo cha m'dera lanu Loweruka mmawa, mzere wa ndowa ndi matumba utafika panja. Dzanja lake lina lili pa kachitseko kolowetsera chimanga, lina likukankhira mphale kukamwa kwa chigayo. Maso ali kwa ogayitsa, koma khutu lili pa mota. Ikamalira mopepuka, amadziwa kuti chigayo chili ndi njala, ndipo amatsegulako. Kulirako kukayamba kutsika n'kumamveka molemera, amatsekako lamba asanayambe kuterereka. Mphale yonyika ya ufa woyera imamata pasefa kusiyana ndi chimanga chouma cha mgaiwa, choncho amailowetsa mosiyana. Sefa ikakhala ya timabowo ting'onoting'ono, amachepetsanso. Masana a mu Okutobala amagwira chikuto cha mota ndi kuseri kwa dzanja, ndipo ikatentha kwambiri amaipatsa mpata.

Akamaphunzitsa mnyamata watsopano satchula nambala. Amamuuza kuti, "Ikalemera pang'ono, tsekako pang'ono. Ikalemera kwambiri ndipo ikupitirirabe kutsika, tseka msanga. Ikayamba kubwerera, usatsegule zonse nthawi imodzi." Malamulowa ndi olondola, chifukwa mota yosamalidwa chonchi siipsa. Koma kompyuta wamba siingawatsatire. Iyo imafuna kuuzidwa kuti "pang'ono" amayambira pa nambala iti n'kuthera pa iti, ndipo wogaya sangayankhe, chifukwa m'mutu mwake mulibe mzere wotero. Kulemera pang'ono kumalowerera mu kulemera kwambiri mosadumpha. Fuzzy logic ndi masamu amene anapangidwa kuti makina athe kugwiritsa ntchito malamulo a mtundu umenewu.

Kuchokera ku Berkeley kufika ku Sendai

Amene anayambitsa ndi Lotfi Zadeh. Iye anabadwira ku Baku mu 1921, anakulira ku Iran, ndipo anadzakhala mphunzitsi pa University of California ku Berkeley. Mu 1965 anafalitsa pepala lotchedwa Fuzzy Sets. Masamu a nthawi zonse amati chinthu chili m'gulu kapena mulibe, 1 kapena 0. Zadeh anati magulu ambiri amene anthu amagwiritsa ntchito alibe malire akuthwa chonchi. Mota ya madigiri 69 siikhala yozizira n'kusanduka yotentha ikangofika pa 70. Choncho anapereka njira yoti chinthu chizikhala m'gulu pa mlingo uliwonse pakati pa 0 ndi 1: mota ikhoza kukhala m'gulu la "yofunda" pa mlingo wa 0.3, nthawi yomweyo ili m'gulu la "yotentha" pa mlingo wa 0.7. Mlingowu si kukayika. Kutentha tayeza ndipo tikukudziwa bwino. Chimene nambalayo ikunena ndi mmene dzina lililonse likuiyenera motayo.

Akatswiri ena otchuka, monga Rudolf Kalman, anatsutsa poyera, poona ngati njirayi ikulowetsa ulesi mu sayansi. Amene anaonetsa kuti imagwira ntchito ndi munthu wobadwira m'dziko loyandikana nafe. Ebrahim Mamdani anabadwira ku Tanzania mu 1942, anaphunzira ku India, kenako anakaphunzitsa pa Queen Mary College ku London. Iye ndi wophunzira wake, Sedrak Assilian, anali ndi kainjini ka nthunzi m'chipinda choyeserera. M'malo mofunafuna masamu ofotokoza injiniyo, analemba malamulo a "ngati zili chonchi, chita chakuti" monga mmene woyendetsa waluso angawanenere, nawasandutsa masamu a Zadeh. Injini inamvera, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1974 ndi 1975.

Cha m'ma 1980 kampani ya F.L. Smidth ya ku Denmark inayamba kuyendetsa ng'anjo zowotchera simenti ndi njirayi, ntchito imene kale inkadalira diso la mmisiri wokhalitsa. Mu 1985 Tomohiro Takagi ndi Michio Sugeno a ku Japan anapereka mtundu wina wa malamulowa wosavuta kuwerengera pakompyuta. Mu 1987 sitima zapansi panthaka za mumzinda wa Sendai zinayamba kuyenda ndi makina a kampani ya Hitachi ogwiritsa ntchito fuzzy logic ponyamuka ndi poima, kuti okwera asamagwedezeke. Pofika cha m'ma 1990 makampani a ku Japan anali ataiika m'makina ochapira zovala, m'miphika yamagetsi yophikira mpunga ndi m'makamera. Mukaona mawu oti Fuzzy pabatani la makina ochapira m'sitolo, gwero lake ndi limeneli.

Mmene imasankhira

Titenge chitsanzo chongophunzirira. Mota ya mapolo anayi ikuyendetsa lamba wonyamula matumba, ndipo tikufuna izizungulira maulendo 1,400 pa mphindi. Antchito aunjika matumba, liwiro latsika kufika pa 1,370. Yatsalira ndi 30.

Gawo loyamba ndi kusandutsa manambala kukhala magulu. Tinene kuti kutsalira kwa 0 kuli kwathunthu m'gulu la "ili bwino", kwa 50 kuli kwathunthu m'gulu la "yatsalira pang'ono", kwa 100 m'gulu la "yatsalira kwambiri", ndipo pakati pake gulu lina limachepa pamene linzake likukula. Kutsalira kwa 30 kukhala mu "ili bwino" pa mlingo wa 0.4 ndi mu "yatsalira pang'ono" pa mlingo wa 0.6. Kakompyuta kamayang'ananso kumene liwiro likulowera poyerekeza muyeso uno ndi wapitawo. Tinene kuti kapeza "ikutsikabe" pa 0.7 ndi "yakhazikika" pa 0.3.

Gawo lachiwiri ndi malamulo. Pa magulu amenewa, malamulo anayi ndi amene akukhudzidwa:

1. Ngati ili bwino ndipo yakhazikika, usasinthe kanthu.
2. Ngati ili bwino koma ikutsikabe, wonjezera pang'ono.
3. Ngati yatsalira pang'ono koma yakhazikika, wonjezera pang'ono.
4. Ngati yatsalira pang'ono ndipo ikutsikabe, wonjezera ndithu.

Lamulo lililonse limafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi, choncho mphamvu yake ndi nambala yaing'ono mwa ziwirizo. Loyamba litenga yaing'ono pakati pa 0.4 ndi 0.3, ndiye 0.3. Lachiwiri 0.4, lachitatu 0.3, lachinayi 0.6. Apa ndi pamene njirayi imasiyana ndi swichi wamba: palibe lamulo limodzi lopambana n'kutsekereza anzake. Onse anayi akuyankhula, lililonse ndi mawu olingana ndi mphamvu yake.

Gawo lachitatu ndi kubwerera ku nambala imodzi, chifukwa VFD imafuna kuuzidwa frequency yeniyeni. Tinene kuti "pang'ono" ndi 0.5 Hz ndipo "ndithu" ndi 1 Hz. Tichulukitsa yankho la lamulo lililonse ndi mphamvu yake: 0, 0.2, 0.15 ndi 0.6, pamodzi 0.95. Tigawa ndi mphamvu zonse pamodzi, 1.6, ndipo tipeza pafupifupi 0.6 Hz. Pa mota ya mapolo anayi, 1 Hz ndi maulendo 30 pa mphindi, choncho bokosi liwonjezera maulendo pafupifupi 18. Kamphindi kosakwana sekondi kakadutsa, kakompyuta kayezanso n'kuwerengeranso. Liwiro likamayandikira 1,400, lamulo lachinayi limafooka, loyamba limakula, ndipo kuwonjezera kumachepa kokha mpaka kutha, popanda kugwedeza lamba.

M'makina enieni kawirikawiri amagawa kutsalira m'magulu 7 ndi kusintha kwake m'magulu 7, zimene zimapereka malamulo 49. Ngakhale kakompyuta kotsika mtengo kamawerengera malamulo amenewa maulendo ambiri pa sekondi.

Pamene imathandiza

Pa induction motor, fuzzy logic imagwiritsidwa ntchito m'njira zitatu zikuluzikulu. Yoyamba ndi imene taonayi, kulowa m'malo mwa PID. Yachiwiri ndi kugwira ntchito limodzi: PID imakhalapobe, koma malamulo a fuzzy amasintha manambala ake mota ili mkati moyenda, kuti akhale amphamvu kutsalira kukakula ndi ofatsa kukachepa. Yachitatu ndi kupulumutsa magetsi. Mota yonyamula katundu wopepuka siifuna maginito onse, koma VFD wamba imawapereka onse, ndipo otsalawo amasanduka kutentha. Mu 1995 Gilberto Sousa, Bimal Bose ndi John Cleland anafalitsa njira yoti kakompyuta kazichepetsa maginito pang'onopang'ono uku kakuyeza magetsi olowa. Akamatsika, kamapitiriza, akayamba kukwera, kamabwerera m'mbuyo pang'ono, mpaka kapeze pamene mota ikudya magetsi ochepetsetsa.

Pachigayo, chofunika kusintha si liwiro la mota yaikulu, chifukwa tizitsulo tomenya chimanga timafuna liwiro lake lonse kuti ufa usalale. M'zigayo zazikulu za m'mafakitale, chimene amachilamulira ndi kamota kakang'ono kolowetsa chimanga. Sensa imayeza magetsi amene mota yaikulu ikukoka, ndipo kamotako kamafulumira kapena kuchedwa kuti yaikuluyo izikhala yodzaza koma yosalemedwa. Ndi ntchito ya khutu ndi dzanja la wogaya ija, ndipo malamulo ake amalowa mu fuzzy logic pafupifupi mmene iye amawanenera. Chimodzimodzinso pampu ya pasukulu kapena pachipatala, imene iyenera kuganizira nthawi imodzi madzi otsala m'thanki, mphamvu ya madzi m'paipi ndi nthawi ya tsiku. Zinthu zoganizira zikachuluka ndipo masamu ake akavuta, koma pali munthu wodziwa kuziyendetsa, njirayi imaonetsa phindu lake.

Pamene siithandiza

Malamulo a fuzzy sangapose nzeru za amene wawalemba. Akasankha magulu molakwika, makina amalakwitsa mokhulupirika tsiku lililonse. Kutsimikizira ndi masamu kuti makinawo sadzayamba kugwedezeka pa katundu wina aliyense n'kovuta kuposa pa PID, ndipo n'chifukwa chake mafakitale ambiri amasankhabe PID pa ntchito zimene katundu wake sasinthasintha. Pa fani yongozungulira tsiku lonse mofanana, PID yosankhidwa bwino imakwanira.

VFD nayo ili ndi zofuna zake. Fani yoziziritsa mota wamba imakhala pa shafiti yomweyo, choncho liwiro likatsika kwambiri kwa nthawi yaitali mota imatentha, pokhapokha ataiikira fani yapadera. Fumbi la ufa ndi chinyezi zimawononga zamkati mwa bokosi ngati silinatsekedwe bwino. Ziphaliwali za m'dzinja ndi magetsi obwera mwamphamvu pambuyo pa kuzima zimatha kulipsereza ngati palibe zotetezera ndi waya wabwino wopita pansi. Ma VFD ambiri pamalo amodzi amasokoneza maonekedwe a magetsi m'mawaya, ndipo amafuna zosefera. Komanso bokosili limachokera kunja, limagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo likawonongeka siliwayindidwa ngati mota. Mota yokulitsa kuposa ntchito yake, lamba wolefuka, maberingi otha, mapaipi odontha: palibe malamulo 49 amene angabwezere magetsi otayikira m'zimenezi.

Ntchito imene ili m'manja mwathu

Dongosolo loyenera limayamba ndi kuyeza. Mita yopana waya imasonyeza magetsi amene mota ikukoka, ndipo kuyerekeza ndi zolembedwa pakachitsulo kake kumaonetsa ngati ikulemedwa kapena ikungozungulira yopanda ntchito. Kenako kukonza zowonongeka ndi kusankha mota ya msinkhu woyenera. VFD imabwera pambuyo pake, pamene katundu amasinthasinthadi, ndipo funso la PID kapena fuzzy logic ndi lomalizira.

Anthu oti agwire ntchitoyi alipo mumzinda muno. Malawi University of Business and Applied Sciences ku Chichiri, imene inali The Polytechnic mpaka 2021, imaphunzitsa mainjiniya a zamagetsi. Soche Technical College ku Limbe imaphunzitsa amisiri. Kakompyuta ka Arduino, sensa yoyeza magetsi ndi kamota kakang'ono n'zokwanira kuti wophunzira ayese zonse zimene zafotokozedwa m'mutu uno. Masamu ake ndi a kuchulukitsa ndi kugawa basi.

Mbali yovuta ndiponso yamtengo wapatali ndi malamulo, ndipo amenewo sagulidwa kunja. Ali ndi ogaya, oyendetsa mapampu ndi amisiri a m'mafakitale amene akhala zaka zambiri akumvetsera mamota pa magetsi athu, chimanga chathu ndi mapiri athu. Ambiri a iwo sanafunsidwepo zimene amadziwa, ndipo akapuma pantchito nzeruzo zimapita nawo. Wophunzira wofuna kupanga makina othandiza Blantyre atenge kope ndi mita, akakhale pambali pa munthu wotere kwa masiku angapo, azifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, pamenepa mwatsekeranji?" ndipo yankho lililonse azililemba pambali pa nambala imene mita ikuonetsa. Mzere uliwonse wa m'kopemo ndi lamulo limene makina angathe kulitsatira.